Beseni la Kapitawo

Tsiku limene anawasudzula, a Zakaria anatuluka m'mudzi wa akazi awo ndi sutikesi, wailesi, njinga yoduka tcheni ndi mphaka m'dengu. Achibale a malemu Christobel sanawachite nkhanza. Zonse zinayenda mwa mwambo. Anaphika, anadya, anayankhula zabwino, kuti mkamwini ameneyu anali wa khasu ndi waulemu, ndipo tsopano ndi womasuka kupita kumene mtima wake ungafune. Nyumba imene a Zakaria anaumba okha njerwa zake inatsala m'manja mwa mdzukulu wa kuchikazi. Mango amene anabzala anatsala, nthochi zinatsala. Pa mphaka pokha ndi pamene panalibe wotsutsa.

"Tengani, alamu," anatero mlongo wa malemuwo. "Ife mphaka wogona m'nyumba ngati munthu sitingamuthe."

Mphakayo dzina lake linali Kapitawo. Anamutcha ndi Christobel, chifukwa kuyambira ali kamwana ankakonda kukhala pamwamba pa mtondo n'kumayang'ana anthu akugwira ntchito. Anali wotuwa, wa mchira wokhota kunsonga, ndipo mwendo wake umodzi wakumbuyo unapuwala chaka chimene agalu a alenje anamupanikiza kuseri kwa nkhokwe. Chichokereni apo sanafunenso za panja. Ukamuika pabwalo ankadziphwatika pansi n'kumanjenjemera mpaka wina amunyamule. Ndiye Christobel, amene sankasiya chinthu pakati, anayamba kufunafuna poti chiweto chake chizidzithandizira m'nyumba momwemo.

Anayamba ndi mchenga wa mumtsinje wa Domasi. Kapitawo anaukonda, koma unali wolemera kusenza, nthawi ya mvula sunkauma, ndipo unabweretsa nthata. Anayesa utuchi wa kwa akalipentala. Mphaka anayetsemula tsiku lonse, ndipo utuchiwo ukanyowa unkamumatirira kumapazi. Phulusa linapha fungo bwinobwino, koma kutacha nyumba yonse inali timapazi totuwa tokhatokha, mpaka pa bulauzi yoyera ya ku Mvano imene inali itasitidwa kale. Pomaliza Christobel anatulukira mankhusu a mpunga, aja amangowaunjika kuseri kwa chigayo opanda wowafuna. Pansi pa beseni ankawazapo phulusa lodzaza dzanja, pamwamba n'kuthira mankhusu mpaka chala chimire. Beseni lake linali lachitsulo, lakalekale, ndipo a Zakaria analidula mbali imodzi n'kupinda mlomo wake ndi hamala, kuti mwendo wopuwala uja usamakodwe polowa.

M'mawa uliwonse ankachotsa ponyowa ndi chipande chothyoka n'kuwonjezera mankhusu ouma. Loweruka ankakhuthulira zonse ku nthochi n'kutsuka beseni ndi madzi otentha okha.

"Sopo ndi wa mphuno zathu," ankatero Christobel. "Iyeyu amafuna amve kuti malowa ndi ake."

Christobel atayamba kudwala, ntchito imeneyi inagwera a Zakaria. Anaigwira matenda onse, anaigwira m'mawa wa tsiku la maliro anthu ali mbwee pabwalo, ndipo anapitiriza kuigwira pambuyo pake. Inali ntchito yokhayo m'nyumbamo imene sinasinthe.

Tsopano ankapita kwa mwana wawo Eneless, amene anakwatiwa ku Songani ndi Nasser, wogula ndi kugulitsa mpunga. Nyumba yawo inali kuseri kwa magolosale, yamalata, pansi pa simenti yofiira ndi polishi, ndipo pambali pake panalumikizidwa chipinda chosungiramo mpunga.

"Ababa, m'dengumo muli nkhuku?" anafunsa Eneless akuwalandira sutikesi.

"Ndi Kapitawo."

"Akadali moyo ameneyu?"

"Akudya bwino."

Eneless anayang'ana beseni lomangidwa pa kaliyala ya njinga. "Ndi ichinso mwabwera nacho."

Nasser ndi amene anapeputsa nkhaniyo. Anali munthu wofatsa, wonenepa pang'ono, wokonda kuseka ndi maso. "Mulekeni alowe," anatero. "Mphaka si galu. Kwa ife Asilamu mphaka akamwa madzi ako suwataya ayi. Chokhacho, bambo, zotuluka m'thupi mwake ndi najisi, ndi zodetsa. Zisafike pamene timaswalira, zisafike pa chakudya. Basi."

"Sizifika," anayankha a Zakaria. "Ali ndi malo ake."

Anawapatsa kachipinda kakumapeto, ka zenera loyang'ana kumpanda. Chipindacho chinali chabwino, ndipo a Zakaria anathokoza kangapo. Komabe chinthu china chinkawalemera. Kwawo mkamwini ndiye amapita kukakhala kwa apongozi, n'kumayenda mosamala pabwalo la eni ake. Iwo anachita zimenezo moyo wawo wonse osadandaula. Sanaganizepo kuti adzakalambira m'nyumba ya mkamwini wawo, akuyendanso mosamala momwemo, n'kumadikira kuitanidwa kuti madzi osamba afunda.

M'kachipindamo munali ziwiya ziwiri. China chinali beseni la Kapitawo, pakona kuseri kwa chitseko. China chinali chitini cha penti chokhala ndi chivundikiro, chimene ankachikankhira mkati pansi pa bedi. Kwa zaka zingapo chikhodzodzo cha a Zakaria chinali chitasiya kudikira. Chimbudzi chinali kuseri kwa mpanda, ndipo miyendo yawo sinkafulumira monga kale. Ankataya za m'chitinimo anthu asanadzuke, n'kuchitsuka, n'kuchibwezera pamalo pake. Christobel yekha ndiye ankadziwa, ndipo sanatchulepo.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Kapitawo anabindikira pansi pa bedi masiku angapo, kenaka anatuluka, ananunkhiza beseni lake, analizindikira, nalowa. Koma mankhusu ndi opepuka. Amakakamira kumapazi a mphaka, amauluka chitseko chikatsegulidwa, ndipo pa simenti yofiira yopakidwa polishi amaoneka ngati nyerere zoyera. Kumudzi kuja pansi panali pozira, palibe ankawaona. Pano Eneless ankasesa m'mawa, masana n'kuwapezanso pansi pa mipando ya pabalaza.

"Ine ndizipaka polishi kuti ndizikolola mankhusu?" ankatero, osati kwa bambo ake, koma kwa tsache.

Tsiku lina anapita ku Zomba. Pobwera anatsika minibasi ndi thumba lojambulidwa mphaka woyera wa ubweya wambiri, ndi beseni lapulasitiki lobiriwira, lakuya ngati losambitsiramo mwana. A Zakaria anali atapita kukameta. Pobwerako anapeza pakona pawo pali pokolopa, mankhusu atatenthedwa kudzala, beseni lawo lili kukhola la nkhuku lodzaza madzi. Beseni latsopano linali m'kanjira ka kuchitseko chakumbuyo, lodzaza timiyala toyera tonunkhira ngati sopo wosambira.

"Zimenezi ndi zimene amagwiritsa ntchito anthu osunga amphaka m'tauni," anatero Eneless. Nkhope yake inali yowala, ngati munthu amene wachita chinthu chabwino, ndipo a Zakaria anaona kuti anachitadi ndi mtima wabwino. "Sizimwazika, sizinunkha. Anandiuza wa m'sitolo kuti zikanyowa zimaundana, mumangochotsa chibulumacho."

"Ene, beseni ili ndi lalitali. Mwendo uja..."

"Adumpha. Nanga pabedi panu amakwera bwanji?"

"Ndimachita kumunyamula."

"Azolowera."

"Komanso pakhomo apa pamadutsa anthu. Chitseko chimamenyeka. Galu wa aneba uja amamveka pafupi. Amayi ako ankati..."

"Ababa, pano si kumudzi. Kumabwera alendo muno. Amayi a kumpingo, abale a bambo a kunyumba kuno, onse amavula nsapato pakhomo, ndiye azipondanso mankhusu a m'chimbudzi cha mphaka?"

A Zakaria anali ndi mawu ena. Koma m'mawa womwewo anali atadya buledi wa m'nyumba imeneyo, ndipo sopo amene anasambira sanagule ndi iwo. Anangoti, "Chabwino, tiyese."

Kapitawo anafika pa beseni latsopanolo motsimphina, anatukula mutu, ananunkhiza, nayetsemula. A Zakaria anamunyamula n'kumuika mkati. Anaponda timiyalato, anatukula phazi n'kulikutumula ngati waponda moto, kenaka anadziponya kunja n'kugwera mwendo wopuwala uja. Tsiku limenelo sanadye. Ankangozungulira pakona pamene panali beseni lakale, n'kumapalasa simenti, n'kumalira kamawu kakang'ono kosasa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. A Zakaria anamunyamulanso, anamusisita, anapalasa timiyala ndi chala chawo kuti aone. Mphaka anawayang'ana monga ankayang'anira anthu ali pa mtondo paja.

Kenaka kulira kunaleka. Kapitawo anayambanso kudya, ankagona tulo tabwino padzuwa la pazenera, ndipo beseni lobiriwira linali loyera mbee ngati latsopano.

"Mwaona?" anatero Eneless. "Olo kafungo."

A Zakaria anadziwa kuti beseni loyera si nkhani yabwino. Chodya chimayenera kutuluka. Anagwada n'kusuzumira pansi pa bedi, kuseri kwa kabati, m'nsapato, m'dengu la zovala. Sanapeze kanthu. Anayamba kudzinamiza kuti mwina ukalamba wamuchotsa mantha, akumatuluka panja. Mpaka madzulo ena, akumusisita pamiyendo pawo, anapeza kanthu pakati pa zala za phazi lakutsogolo. Anakachotsa n'kukaika pachikhatho. Kanali kambewu ka mpunga wosakonola, kadakali m'khusu lake.

Anatuluka n'kukaima pa chitseko cha chipinda cha mpunga. Chinali chokhoma, koma pansi pake thabwa linali litadyeka, mpata wokwanira nkhonya ya munthu ndi pang'ono. M'katimo munali mulu wa mpunga wosakonola umene Nasser anaukhuthula pansi kuti upume. Kwa mphaka amene moyo wake wonse wapalasa mankhusu, mulu umenewo unali beseni lalikulu lopanda mlomo.

Kiyi anali m'thumba mwa Nasser, ndipo Nasser anali kumadambo a ku Chilwa kokagula mpunga wina. A Zakaria anatseka mpatawo ndi njerwa, natsimikiza kuti akangofika amuuza. Kuuza Eneless sanathe.

Nasser anafika m'mawa mwake pa lole, ndipo asanamwe n'komwe tiyi panafika mayi Zulfa. Mayi Zulfa ankagulitsa mandasi pa siteji ya minibasi, ndipo ankakonza sadaka ya malemu bambo awo, chakudya cha anthu ambiri. Ankafuna mpunga wonunkhira, wosasakaniza, ndipo ankafuna kuuona usanapite kuchigayo.

"Bambo a kunyumba," anayamba a Zakaria ali pakhonde, "pali kanthu..."

"Ndikubwera, bambo, ndingothandiza mayiwa."

Anakankha njerwa ija ndi phazi osaiganizira, natsegula. Mayi Zulfa anachita zimene wogula aliyense wodziwa amachita. Sanatape pamwamba. Anakwinya mkono wa diresi n'kulowetsa dzanja mkati mwa mulu mpaka m'chigongono, kuti amve ngati pakati pali pouma. Kenaka anatulutsa dzanjalo pang'onopang'ono n'kuliyang'ana.

"Mayo ine! A Nasser! Ichi n'chiyani?"

Kapitawo sanasiye kanthu poyera. Chilichonse anachikwirira bwinobwino, mozama, monga anazolowera.

Mayi Zulfa anathamangira pampopi dzanja lili m'mwamba. Anasamba, anasambanso, akuyankhula mokweza kuti aneba onse amve. "Mpunga wa sadaka! Wa bambo anga! Ndikanadyetsa mashehe najisi ine! Ndipo ndi angati adya kale osadziwa?"

"Palibe, mayi," anatero Nasser. "Mulu umenewu sunagulitsidwepo."

"Mukatero inuyo. Nanga mphakayo anakuuzani tsiku limene anayamba?"

Dzuwa lisanafike pamutu, Songani yense anali atamva.

Nasser sanakalipe. Anavula malaya, anatenga fosholo, natulutsa mulu wonse panja. Sanayese kusankha wabwino. Anaitana munthu woweta nkhuku kuti atenge. Kenaka anatsuka chipindacho ndi madzi ambirimbiri mpaka anayenderera pabwalo. Eneless ndiye anayankhula, ndipo anayankhula zambiri, misozi ili m'maso. Anati anthu awa anakulandirani, anati ndikayang'ana bwanji apongozi anga, anati chinyama chopuwala chopanda ntchito, olo khoswe mmodzi chinagwirapo muno?

A Zakaria anadikira mpaka atatopa. Kenaka anatembenukira kwa Nasser.

"Ndalakwa ndine, ndinachedwa kunena. Koma mphakayu si wauve. Anasowa poti apite. Mundibwezere beseni langa, mundipatse sabata. Akadzachitanso, sindidzatsutsa."

Nasser anapukuta thukuta ndi mkono. "Yesani, bambo."

A Zakaria anakatenga beseni kukhola, analitsuka ndi madzi otentha. Anakankha njinga yawo yoduka tcheni mpaka kuchigayo cha mpunga kutsidya kwa mlatho wa Domasi, nabwerako ndi thumba la mankhusu. Phulusa anapempha kwa mayi wootcha chimanga pamsewu. Anakhoma thabwa latsopano pansi pa chitseko cha mpunga. Pansi pa beseni anayalapo chiguduli chachikulu kuti mankhusu ogwa azitsalira pomwepo, ndipo Kapitawo anamutsekera m'chipinda.

Atangoliika pakona, mphaka anatsika pazenera. Anazungulira n'kupeza mbali yodula ija, analowetsa miyendo yakutsogolo, nakoka wopuwalawo pambuyo. A Zakaria anakhala pabedi akuyang'ana kukhoma, chifukwa Kapitawo sankafuna kuyang'anidwa. Anangomva phokoso lija, tswa tswa tswa, ngati munthu akupeta chapatali. Anakhala choncho nthawi yaitali phokosolo litatha.

Sabata inatha popanda cholakwika. M'mawa ankachotsa ponyowa, ankakutumula chiguduli kudzala, ankapukuta mapazi a mphaka ndi kansanza. Pabalaza sipanaonekenso khusu ndi limodzi lomwe. Anafika poitana Eneless kuti adzaone.

"Ndaona, ababa," anatero ali pakhomo, osalowa.

Koma kumsika nkhani inali isanathe. Benchi la Nasser, limene kale pankakhala mzere, tsopano anthu ankalilambalala n'kukagula kwa woyandikana naye. Oitanira minibasi ankakuwa akamuona. "A Nasser, wa fungo uja ulipo? Tipimireni wa chona!" Ena ankangolira ngati mphaka akamadutsa. Nasser ankaseka nawo, koma madzulo matumba ankabwerera kunyumba monga anapitira.

Lachisanu atachokera kumzikiti anapeza a Zakaria pakhonde. Sanakhale pampando. Anakhala pa sitepe, chapansi, n'kumatembenuza chipewa chake m'manja.

"Bambo, mphaka uja wasintha. Ndaona ndi maso anga."

"Sanasinthe. Wangobwezeredwa zake."

"Zoona." Nasser anayang'ana kumpanda. "Koma anthu saona m'chipinda mwanu. Iwo akungodziwa kuti akadalipo. Ndalumbira, ndawaitana kuti adzaone thabwa, akukana. Mayi Zulfa andiuza pamaso kuti, tikadzamuona akutuluka, tidzabwera."

"Ndiye mukufuna atuluke anthu akuona."

"Sindikufuna ine, bambo. Mulungu akudziwa. Koma nyumba ino imadya mpunga umenewu. Inunso..." Analeka, nachita manyazi ndi mawu amene sanawamalize.

"Inenso," anatero a Zakaria.

"Nditha kutuma wa kabaza, inu osaona."

"Ayi. Wa kabaza akamuponya pamlatho. Ndinyamula ndekha."

Kutaya mphaka kuli ndi njira yake, ndipo aliyense amaidziwa. Amamuika m'thumba kuti asaone njira, n'kumuwolotsa mtsinje kuti asabwerere. A Zakaria anafuna kutenga dengu lomwe anabwera nalo, koma Eneless anabweretsa thumba.

"M'dengu aziti ndi nkhuku," anatero motsitsa mawu. Sanawayang'ane kumaso.

Linali tsiku la msika, dzuwa litakwera. A Zakaria anamanga beseni pa kaliyala, thumba analikolowetsa pa handulo, nayamba kukankha njinga. Panali kanjira kakumbuyo kotulukira kumsewu, koma sanadzere kumeneko. Anadzera pakati pa mabenchi, pa tomato, pa usipa, pa makaunjika, monga zinafunikira. Kapitawo ankalira m'thumbamo mosalekeza, ndipo panalibe amene sanamve.

"Ndi ameneyo! Bwana wa mpunga akusamuka!"

"Madala, mukugulitsa? Kilo bwanji?"

"Mumuwolotse ndithu, akabwerera ameneyo!"

"Abwerera bwanji, akuti ndi wa miyendo itatu!"

A Zakaria ankangoyang'ana tayala lakutsogolo. Pa siteji, mayi Zulfa anali atakhala kuseri kwa ndowa yawo ya mandasi. Sanaseke. Anayang'ana thumba, anayang'ana mkuluyo, nati chapansipansi, "Pepani, bambo." A Zakaria anagwedeza mutu n'kupitirira.

Atadutsa nyumba zomaliza anaima pansi pa mtengo n'kumasula thumba. Kapitawo anatulutsa mutu, makutu atagona, akupuma ndi pakamwa. Anamuika m'beseni pa kaliyala n'kumufunditsa jekete lawo, dzanja limodzi pa handulo, lina pamsana pake. Kubisa njira kunalibe ntchito. Ngakhale akanaiona, sakanatha kuiyenda.

Pamphambano ya msewu wopita ku Mishoni anaima. Kumtunda uko, pansi pa phiri, kunali nyumba imene mphakayu ankadziwa kona yake iliyonse. Anaganiza zokwera, kukagogoda, kukapempha. Kenaka anakumbukira mawu a mlamu wawo, ndi agalu awiri amene mwini nyumba watsopano anabwera nawo. Anakumbukiranso kuti munthu wosudzulidwa akafika pamudzi paja amafika ngati mlendo, amamuyalira mphasa panja. Anakankha njinga n'kuwoloka mlatho.

Kuchigayo kunali fumbi ndi phokoso. Kuseri kwake mulu wa mankhusu unali wautali kuposa denga, ndipo mbali ina unkafuka utsi pang'onopang'ono, poti ankautentha kuti uchepe. Mumthunzi wa khoma munagona agalu. Woyendetsa chigayo, bambo wa nsidze zoyera ndi fumbi, anatuluka akudzipukuta m'manja.

"Mwabweranso, madala? Thumba lija latha kale?"

"Ndabwera ndi mwini wake. Simungafune mphaka pano?"

Bamboyo anasuzumira pansi pa jekete. "Amagwira makoswe?"

"Ankagwira."

"Musiyeni. Makoswe ndiye aliko, akhuta. Koma chakudya sitipereka, aziona yekha."

"Agaluwa ndi a ndani?"

"Ndi ongoyendayenda. Salimbana ndi munthu."

A Zakaria anafunafuna malo, napeza kakona pansi pa denga pakati pa khoma ndi migolo. Anatsitsa mphaka, anaika beseni mbali yodula ikuyang'ana kunja, anatulutsa phulusa limene anakulunga m'pepala n'kuwaza pansi, kenaka anatapa mankhusu pamulu n'kuthira mpaka chala chinamira.

Wa chigayo anaseka mpaka kutsokomola. "Phiri lonseli la mankhusu, inu mukumupimira m'beseni?"

Kapitawo sanayang'ane phirilo. Anali atadzigwira njira yonse, m'thumba ndi pa kaliyala pomwe. Anakwawa chamimba mpaka pa beseni, analowa podula paja, nakoka mwendo wake. A Zakaria anatembenukira kukhoma. Chigayo chinkabangula, kotero phokoso lija sanalimve. Atacheuka anapeza wamaliza, wakwirira mosamala, osasiya kanthu poyera, ndipo wakhala pambali akuwadikira kuti amunyamule azipita.

"M'mawa mumangochotsa ponyowa," anatero a Zakaria. "Osatsuka ndi sopo."

"Eya, eya, madala."

A Zakaria anatenga njinga. Atafika pamsewu anacheuka kamodzi. Wa chigayo anali atakhuthula kale mankhusu aja, beseni lili m'manja, akuliyang'anira kudzuwa kuti aone ngati ndi lobooka. Kapitawo anali atadziphwatika pansi m'mbali mwa khoma. Galu mmodzi anali atadzutsa mutu.

Pobwerera anadzera kanjira kakumbuyo. Ngakhale choncho anaona patali kuti pa benchi la Nasser paima amayi angapo, ndipo sikelo ikugwira ntchito.

Kunyumba anapeza chipinda chawo chili chotsegula, zenera lili pululu, pansi pakuwala. Chiguduli kunalibe, thumba la mankhusu kunalibe, ndipo bedi linali litasunthidwa kuti pansi pake pakolopedwe. Eneless anali pakhomo ndi ndowa.

"Mwayenda bwanji, ababa?"

"Ndayenda bwino."

"Tsopano muzipuma mpweya wabwino muno." Anafinya chikolopa, maso ali m'ndowa. "Chitini chinali pansi pa bedi chija ndataya. Chimabweretsa fungo. Chimbudzi sichili patali, ababa, ndipo tochi ilipo."

"Sichili patali," anavomera a Zakaria.

Anakhala pabedi, manja pamaondo. Anayang'ana pakona kuseri kwa chitseko, pamene simenti inali isanaume. Anayeza ndi maso kuchokera pabedi kufika pachitseko, naganizira kanjira, chitseko chakumbuyo ndi loko wake wolimba, bwalo, mpanda. Anayang'ananso matiresi amene anakhalira. Anali atsopano, Nasser anawagula sabata imene iwo ankabwera.

Dzuwa litapendeka Eneless anabwera ndi tiyi wamkaka m'kapu yaikulu, monga ankachitira tsiku lililonse, ndi mbatata pambale. Anagwada n'kuika pa kampando.

"Ndathira shuga wambiri, mwayenda mtunda."

A Zakaria anatenga mbatata. Kapu anaikankhira pambali pang'ono.

"Tiyi simumwa, ababa?"

"Ndilibe ludzu," anatero.